Haverford, Swarthmore, Earlham kapena Guilford: koleji ya a Quaker yokuyenerani ndi iti?

Ku America kuli makoleji ang'onoang'ono angapo amene anayambitsidwa ndi mpingo wa a Quaker. Munthu akamafufuza sukulu pa intaneti amawapeza atandandalikidwa pamodzi, zithunzi zake zofanana: udzu wometedwa bwino, mitengo ikuluikulu, nyumba zakale zamiyala kapena za njerwa zofiira, ophunzira khumi atazungulira tebulo limodzi ndi mphunzitsi wawo. N'zosavuta kuganiza kuti kulikonse kumene ungalowe upeza zomwezo. Si choncho. Anayi amene ndikufuna tiwaone pano ndi Haverford ndi Swarthmore ku Pennsylvania, Earlham ku Indiana, ndi Guilford ku North Carolina. Onse anachokera kumodzi, koma wophunzira amene angakhazikike mtima pa koleji ina akhoza kufota pa inzake. Ndalama zawo n'zosiyana kutalitali, malo awo ndi osiyana, ndipo katundu amene amamusenzetsa wophunzira ndi wosiyananso. Katundu ameneyu ndiye ndikufuna muyambe mwamuyeza musanayang'ane mbiri ya dzina.

Mpingowu unayamba ku England cha m'ma 1650 ndi ulaliki wa George Fox, ndipo eni ake amadzitcha Abwenzi. Amakhulupirira kuti mwa munthu aliyense muli kuwala kwa Mulungu, choncho palibe amene ayenera kuima pakati pa munthu ndi Mlengi wake, ndiponso palibe woyenera kugwadiridwa kuposa mnzake. Abwenzi oyambirira ankakana kuvulira zipewa akuluakulu a boma, ankakana kulumbira m'khoti poti munthu ayenera kunena zoona tsiku lililonse, ndipo ankakana kunyamula mfuti. Ambiri anatsekeredwa m'ndende chifukwa cha zimenezi. William Penn, amene anapatsidwa dera la Pennsylvania mu 1681, anali mmodzi wa iwo, n'chifukwa chake sukulu zawo zingapo zili kufupi ndi mzinda wa Philadelphia.

Mapemphero awo akale alibe m'busa, alibe kwaya, alibe ulaliki wokonzeratu. Anthu amakhala pa mabenchi oyang'anizana, ali duu, mpaka ola lathunthu. Amene wamva kuti wapatsidwa mawu amaimirira, n'kulankhula mwachidule, n'kukhalanso pansi, ndipo palibe womuyankha kapena kumuombera m'manja. Pamapeto amapatsana moni wa m'manja, basi mapemphero atha. Pa nkhani zofuna chigamulo saponya voti. Amakambirana mpaka gulu litamvana, ndipo mlembi amalemba chimene waona kuti anthu agwirizana, n'kuwawerengera kuti atsimikize. Tisaiwale kuti lero dziko lokhala ndi a Quaker ambiri ndi Kenya, kumene amishonale awo anafika ku Kaimosi mu 1902, ndipo a kumeneko ali ndi abusa, nyimbo ndi maulaliki ngati mipingo yathu. Koma moyo wa pa makoleji anayiwa unatengera kwambiri mwambo wachete uja.

Musapite kumeneko mukuyembekeza sukulu ya mishoni. Palibe amene adzakuitanireni ku mapemphero ndi belu, ndipo a Quaker enieni pakati pa ophunzira ndi ochepa kwambiri. Chimene chinatsalira n'chakuti wophunzira amayembekezeredwa kulankhula zoona poyera, kwa mnzake ngakhale kwa wamkulu, ndi kudzilamulira yekha popanda womulondalonda. Kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa ndipo mwana sayang'ana mphunzitsi m'maso, apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, kuposa kuzizira kwa mu Januwale kumene anthu amakonda kuopsezana nako.

Onse anayi ndi a mtundu wa maphunziro osiyanasiyana: digiri ya zaka 4, ndipo sulowa utasankhiratu ntchito. Chaka choyamba ndi chachiwiri umalawa sayansi, masamu, mbiri, zinenero, filosofi, kenako n'kusankha phunziro loti uzamepo. Udokotala ndi zamalamulo ku America zimaphunziridwa pambuyo pa digiri yoyambayi, choncho makolo amene akufuna kumva kuti mwana walowa sukulu ya udokotala chaka chomwecho ayenera kufotokozeredwa bwino zisanafike patali.

Haverford: kukhulupiriridwa, ndi mtengo wake

Haverford inatsegulidwa mu 1833, ndipo ndiyo yakale pa zinayizi. Ili m'dera la anthu olemera kumadzulo kwa Philadelphia, ulendo wa mphindi zosakwana 30 pa sitima kukafika pakati pa mzinda. Ophunzira ake ndi pafupifupi 1,400. Kwa zaka zambiri inali ya anyamata okhaokha, ndipo inayamba kulandira atsikana mokwanira mu 1980. Lero siili pansi pa mpingo, koma pa sukulu zonsezi ndi pano pamene khalidwe la a Quaker linasandulika lamulo lolembedwa loyendetsedwa ndi ophunzira eni ake. Lamuloli amalitcha Honor Code, ndipo linayamba mu 1897.

Taonani mmene mayeso otsekera semesita amayendera. Wophunzira amasankha yekha tsiku ndi nthawi yolembera phunziro lililonse mkati mwa sabata ya mayeso. Amapita kukatenga pepala lake, n'kulowa m'chipinda chimene mulibe woyang'anira, n'kulemba, nthawi ikakwana n'kukapereka. Pambali pake pakhala mnzake amene akulemba phunziro lina. Panja pali wina wa m'kalasi mwake amene sanalembe mayeso omwewo, adzalemba mawa, ndipo onse awiri akudziwa kuti sadzakambirana kanthu, ngakhale kungonena kuti anali ovuta. Mayeso ena mphunzitsi amakupatsa kuti ukalembere ku chipinda chako chogona, n'kukuuza kuti ndi a maola atatu osatsegula buku, wotchi udziyang'anire wekha. Amene tinalemba mayeso apolisi ali pakhomo la sukulu tikamva zimenezi timakayikira, koma ndi mmene zakhala zikuyendera kwa mibadwo.

Mtengo wake ndi uwu. Ukaona mnzako akubera, sulamulidwa kuthamangira kwa akuluakulu, koma kupita kwa iye maso ndi maso n'kumufunsa. Ngati walakwadi, umamupempha kuti akadzinenere yekha ku bwalo la ophunzira loweruza nkhani zotere. Lamuloli silithera m'kalasi. Likukhudzanso kukhalirana: wina akakunyoza, akamasokosa usiku, akanena mawu a tsankho, njira yoyamba ndi yomweyo yokamuuza iwe mwini. Kawiri pa chaka ophunzira onse amasonkhana pa msonkhano waukulu umene sungayambe ngati anthu sanakwane chiwerengero chofunika, ndipo pamenepo amakambirana zosintha m'lamuloli kwa maola ambiri. Chaka ndi chaka amalivomerezanso mwatsopano. Milandu ikaweruzidwa, chidule chake chimafalitsidwa kwa onse mayina atasinthidwa, kuti anthu aphunzirepo. Ngakhale pofunsira malo, amakufunsa kuti ulembe maganizo ako pa lamuloli.

Ine dongosolo limeneli ndimalilemekeza kwambiri, koma sindingabise kuti sililemera mofanana kwa onse. Kumuuza mnzako kuti wandilakwira n'kosavuta kwa mwana amene anakulira m'nyumba yotsutsana ndi bambo ake pa tebulo. Kwa mlendo wachikuda wa chaka choyamba, amene akudalira sikolashipu, n'kolemera. Ophunzira achikuda a pa Haverford eni ake ananena zimenezi mokweza: chakumapeto kwa 2020 anatsogolera sitalaka ya milungu iwiri yosalowa m'kalasi, podandaula ndi mmene koleji imachitira pa nkhani za tsankho. Kudziwa zimenezi sikundichititsa kuti ndikuletseni. Kukungosonyeza kuti mtendere wa pa malowa si wongolandira, umafuna kuti nawenso utsegule pakamwa.

Zina zokoma zilipo. Wophunzira aliyense amalemba kafukufuku wake wamkulu m'chaka chomaliza, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, ndipo poti palibe gulu lalikulu la ophunzira a digiri zapamwamba, m'malabotale muli malo a ana a digiri yoyamba. Sayansi yake ndi yamphamvu. Kulibe magulu aja a anyamata kapena atsikana okhaokha otchedwa ndi zilembo za Chigiriki amene amalamulira maphwando m'mayunivesite ambiri a ku America. Kuli timu ya cricket, chinthu chosowa kwambiri m'dzikomo, chimene chingasangalatse amene anakulira ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Ndipo kuchepa kwa kolejiyi kumachepetsedwa ululu ndi Bryn Mawr, koleji ya atsikana imene ili pafupi kwambiri, yotsegulidwa mu 1885 ndi chuma cha m'Quaker: basi imayenda pakati pa ziwirizi tsiku lonse, ndipo ukhoza kuphunzira, kudya, ngakhale kusankha phunziro lako lalikulu kumeneko.

Swarthmore: kumene buku ndilo mfumu

Swarthmore inakhazikitsidwa mu 1864 ndi nthambi ina ya a Quaker, ndipo inalandira anyamata ndi atsikana kuyambira pachiyambi. Mmodzi mwa oyambitsa ake anali Lucretia Mott, mayi wodziwika pa nkhondo yothetsa ukapolo ndi yomenyera ufulu wa amayi. Ili kummwera chakumadzulo kwa Philadelphia, siteshoni ya sitima ili m'munsi mwenimweni mwa koleji, ophunzira ndi pafupifupi 1,700. Inasiya kukhala ya mpingo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nyumba yopemphereramo a Quaker ikadalipo pa kampasi, laibulale yosunga mbiri yawo ikadalipo, ophunzira atsopano amalandiridwa pa mwambo wa makandulo wokhala ndi mphindi zachete, koma tinene zoona, chimene chimalamulira moyo wa tsiku ndi tsiku pano ndi kuwerenga.

Mu 1922 mtsogoleri wa kolejiyi, Frank Aydelotte, anayambitsa dongosolo la Honors potengera zimene anaona ku Oxford. Amene asankha njira imeneyi amathera zaka ziwiri zomaliza m'timagulu ting'onoting'ono tokambirana kwa maola angapo nthawi imodzi, aliyense atalemba pepala loti anzake alisenge. Pomaliza sayesedwa ndi aphunzitsi awo. Kumabwera akatswiri ochokera ku mayunivesite ena, amene amapereka mayeso olemba, kenako n'kukhala pansi ndi wophunzirayo n'kumufunsa mafunso pakamwa. Mphunzitsi wako pamenepo amakhala mbali yako, mukukonzekera limodzi kukakumana ndi mlendo. Si onse amene amasankha njirayi, koma mzimu wake wafalikira ponseponse, ndipo kolejiyi imadziwika kuti ntchito yake ndi yambiri zedi. Pofuna kupeputsa, semesita yoyamba magiredi saoneka pa chikalata, amangolemba kuti wakhoza kapena ayi.

Chinthu chimodzi chimene Swarthmore ili nacho, chosowa m'makoleji a mtundu uwu, ndi digiri ya uinjiniya. Patrick Awuah wa ku Ghana anaphunzira uinjiniya ndi zachuma pano, anagwira ntchito ku Microsoft, n'kubwerera kwawo kukatsegula Ashesi University mu 2002. Kolejiyi ndi yolemeranso kwambiri, thumba lake ndi loposa madola 2 biliyoni, ndipo ulemererowo umaoneka pa zinthu zazing'ono zimene zimasautsa mwana wosauka: zochitika za pa kampasi salipiritsa pakhomo, kuchapa zovala n'kwaulere. Ophunzira ake amakonda zionetsero ndi kutsutsa. Mu 2019 anakhala pansi m'nyumba ya limodzi mwa magulu a anyamata a zilembo za Chigiriki aja masiku angapo mpaka magulu otere anathetsedwa.

Ndingamutumize ndani kumeneku? Mwana amene amakondadi kuwerenga, osati wongokonda kukhala nambala wani. Amene wazolowera kukhala woyamba m'kalasi kuyambira ku pulayimale ndipo mtima wake wonse wakhazikika pamenepo adzavutika, chifukwa aliyense pa tebulo lija anali woyamba kwawo. Pa ofunsira malo 100, olandiridwa sakwana 10.

Earlham: kumene chi Quaker chikadali chamoyo

Tikachoka ku Philadelphia n'kulowera pakati pa dziko, timafika ku Richmond, tauni ya anthu pafupifupi 35,000 kummawa kwa Indiana, pamalire ndi Ohio, yozunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi soya. Earlham inayamba mu 1847 ngati sukulu yogonera komweko ya ana a Quaker, n'kukhala koleji mu 1859. Ikadali pa ubale ndi mpingo, ili ndi sukulu ya zaubusa imene inatsegulidwa mu 1960, ndipo m'tauni momwemo muli likulu la Friends United Meeting, bungwe limene a Quaker ambiri a ku Kenya ali mamembala ake. Ophunzira ndi osakwana 1,000.

Pano aliyense amaitanidwa ndi dzina lake loyamba, kuyambira wophunzira wa chaka choyamba mpaka mtsogoleri wa koleji. Pulofesa wa imvi, wa msinkhu wa agogo anu, adzakuuzani tsiku loyamba kuti muzimutchula dzina lake basi. Lilime limakana. Ambiri a ife timayamba taizemba nkhaniyo, kumangolankhula osamutchula konse, kapena kulemba imelo yopanda dzina pamwamba. Koma iye sakuchita zachibwana. Kwa a Quaker kumutchula munthu ndi udindo wake ndiko kumukweza pamwamba pa anzake, ndipo ulemu amauonetsa pomvetsera mpaka wolankhula atamaliza. Ndi bwino kufika mutadziwa kuti ukamutchula dzina sunamuchitire mwano, ndipo ukangokhala chete m'kalasi poganiza kuti ukulemekeza, iye amaona ngati sunawerenge kapena sukufuna kuthandiza anzako.

Misonkhano yambiri imayamba ndi kamphindi kachete. Makomiti, kuphatikizapo amene muli ophunzira, amagamula nkhani pomvana osati povota. Amene anakhalapo pa bwalo la mfumu nkhani ikuzungulira mpaka mbali zonse zitavomera kuti yatha adziwa ubwino wake ndi kuchedwa kwake. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wachinyamata nayenso amayembekezeredwa kulankhula, ndipo munthu mmodzi akaima nji pa chifukwa chomveka, gulu limabwerera kukaganizanso. Wopupuluma amatopa nazo. Koma amene wadutsamo zaka 4 amatuluka akudziwa kuyendetsa msonkhano wa anthu osagwirizana, luso limene mabungwe athu ambiri akulisowa.

Chimene chimandikokera mtima ku Earlham n'chakuti mlendo sakhala yekha. Kwa zaka zambiri, pafupifupi wophunzira mmodzi mwa asanu aliwonse wakhala wochokera kunja kwa America, ndipo ambiri amachokera ku sukulu za UWC (United World Colleges), masekondale osonkhanitsa ana a mayiko osiyanasiyana, monga Waterford Kamhlaba ya ku Eswatini, pothandizidwa ndi thumba la masikolashipu la Davis. Pa koleji yaing'ono chonchi, chiwerengero chimenechi chimasintha zonse: m'chipinda chodyera umamva zinenero zambiri, ndipo nthawi ya tchuthi sukhala wekha wotsala. Maphunziro a zamoyo ndi amphamvu, ubale wake ndi Japan ndi wakale, kuli maphunziro a mtendere, munda woyendetsedwa ndi ophunzira, khola la akavalo losamalidwa ndi ophunzira, ndi nyumba yosungiramo zakale ya Joseph Moore imene ophunzira amagwiramo ntchito. Kolejiyi imalonjezanso kulipirira wophunzira aliyense ulendo umodzi wa kafukufuku kapena wophunzira ntchito, mpaka madola 5,000.

Zovuta zake zisabisike. Richmond si Philadelphia. Wopanda galimoto amakhala womangika, ndipo bwalo la ndege la Dayton kapena la Indianapolis lili pa mtunda wa pafupifupi ola limodzi kapena kupitirira. Wofuna ufa, nsomba zouma kapena womuluka tsitsi ayenera kukonzekera ulendo. Chiwerengero cha ophunzira chatsika poyerekeza ndi kale, ndipo kolejiyi yakhala ikudula bajeti. Dipatimenti ina ikhoza kukhala ndi aphunzitsi awiri kapena atatu okha, choncho mmodzi akachoka kapena mukapanda kumvana, palibe Bryn Mawr yothawirako. Pa malo ochepa chonchi nkhani siibisika: chibwenzi chikatha Lachisanu, Lolemba onse adziwa, ndipo munthuyo uzikumana naye pa chakudya katatu pa tsiku.

Guilford: mbiri yokoma, thumba lofooka

Guilford ili mu mzinda wa Greensboro, wa anthu pafupifupi 300,000. Inayamba mu 1837 ndi dzina loti New Garden Boarding School, yolandira anyamata ndi atsikana, n'kukhala Guilford College mu 1888. A Quaker a m'derali ankadana ndi ukapolo ali pakati pa eni akapolo, ndipo nkhalango imene ili kuseri kwa kolejiyi inali malo obisalamo akapolo othawira kumpoto. Levi Coffin, amene anathandiza othawa ambiri, anakulira komweko. Mtengo waukulu umene unalipo kale m'masiku amenewo ukadaimabe, ndipo ophunzira amapita kukauona. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kolejiyi inalandira ophunzira a ku America a mtundu wa Chijapani pamene anzawo ankatsekeredwa m'misasa. Komabe inachedwa kulandira ophunzira achikuda a m'dzikomo mpaka 1962, patapita zaka ziwiri kuchokera pamene anyamata anayi achikuda a pa koleji ya North Carolina A&T anakhala pa malo odyera a azungu okhaokha mu sitolo ya Woolworth mu mzinda womwewo.

Lero Guilford ndiyo yofanana kwambiri ndi America wamba pa zinayizi. Ophunzira ambiri ndi a m'chigawo momwemo, achikuda ndi ochuluka ndithu, ambiri anabwera chifukwa cha masewero, mpira wa ku America ulipo, ndipo m'kalasi mumakhalanso achikulire amene akuphunzira uku akugwira ntchito. Aphunzitsi amatchulidwa mayina oyamba ngati ku Earlham, ndipo kuli pulogalamu yapadera ya achinyamata a Quaker, koma wina akhoza kumaliza zaka 4 osayandikira mbali imeneyo. Nyengo yake ndi yofunda kuposa ya ku Indiana, ndipo mu mzindawo muli anthu ambiri ochokera ku Africa ndi matchalitchi amitundumitundu.

Nkhawa yanga ndi ndalama za kolejiyo. Mu 2020 utsogoleri unalengeza zothetsa maphunziro ambiri ndi kuchotsa aphunzitsi, ndipo unabweza ganizolo ophunzira akale atadzuka n'kusonkha ndalama. M'zaka zotsatira bungwe lovomereza makoleji m'chigawocho, SACSCOC, linaiika pa chenjezo lalikulu chifukwa cha kayendetsedwe ka chuma. Wophunzira wa m'dzikomo koleji ikagwedezeka amangosamukira ina. Mlendo visa yake imamangiriridwa ku sukulu imene inamupatsa chikalata cha I-20 chofunsira visayo, ndipo sikolashipu siisamuka naye. Amene akuiganizira ayambe waona pa tsamba la SACSCOC mmene zinthu zilili chaka chimenecho.

Palinso ena oti tingowatchula. Wilmington College ku Ohio, ya mu 1870, ili ndi maphunziro a zaulimi ndi minda yake, chinthu chosowa m'makoleji ang'onoang'ono. George Fox University ku Oregon ndi ya nthambi ya a Quaker yolalikira Uthenga Wabwino molimba, yokhala ndi mapemphero ndi malamulo a khalidwe. Imeneyi ndiyo ingafanane ndi zimene makolo ambiri kwathu amaganiza akamva kuti koleji ya mpingo.

Za chikhulupiriro, ndi za thumba

Nkhani ya chikhulupiriro ndiinene mosapsatira. Pa Haverford, Swarthmore ndi Earlham ophunzira ambiri sapita kutchalitchi, ndipo maganizo awo pa nkhani za amuna ndi akazi, za maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndi za ndale ndi omasuka kwambiri. Mnzanu wa m'chipinda akhoza kukhala munthu amene kwathu simunakhalepo naye pafupi. Palibe amene adzakulandeni Baibulo kapena Korani, magulu a Akhristu ndi a Asilamu alipo, ndipo matchalitchi ali pafupi. Koma mudzafunsidwa kukhala ndi aliyense mwaulemu, ndipo mawu onyoza sadzalekereredwa. Amene akudziwa mumtima kuti zimenezi sangazikwanitse asadzivutitse.

Pa ndalama, makolejiwa agawika pawiri. Haverford ndi Swarthmore mtengo wake wonse, fizi, chipinda ndi chakudya, umaposa madola 80,000 pa chaka. Sapereka mphoto chifukwa cha kukhoza bwino kokha, koma akakulandira amakwaniritsa gawo lonse limene banja lako silingathe kulipira, malinga ndi kuwerengera kwawo. Vuto n'lakuti kwa ochokera kunja, kusowa kwako kwa ndalama amakuwerengera posankha, choncho malo a mlendo wosowa zonse ndi ochepa zedi. Earlham ndi Guilford amalandira ambiri mwa ofunsira ndipo amadula mtengo ndi masikolashipu, koma kawirikawiri pamatsala mpata woti banja lilipire chaka chilichonse. Mpata wa madola 15,000 pa pepala umaoneka wochepa poyerekeza ndi mtengo wonse, koma muusinthe m'makwacha, muuchulukitse kanayi, muonjezere tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala ndi zovala za m'nyengo yozizira. Visa ya ophunzira, yotchedwa F-1, imalola kugwira ntchito pa kampasi maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Ndalama imeneyo ndi ya sopo, foni ndi mabuku, si yolipirira fizi, ndipo achibale auzidwiretu kuti si yotumiza kumudzi. Malamulo a visa nawonso akhala akusinthasintha ndipo mayiko athu akhudzidwa, choncho funsani a EducationUSA, alangizi a boma la America pa za maphunziro, musanalipire ndalama iliyonse yofunsira malo.

Mutandifunsa maganizo anga, ndinganene motere. Wofuna uinjiniya, kapena amene njala yake ya buku siitha, ayese Swarthmore, podziwa kuti khomo ndi lopapatiza. Wokonda sayansi amene akufuna mzinda pafupi ndipo ali ndi mtima wotha kumuuza mnzake zoona ayese Haverford. Koma kwa mwana wofatsa, wochokera ku banja wamba, amene akuchoka kwawo koyamba, mtima wanga uli pa Earlham, ngati masamu a ndalama atheka popanda kugulitsa munda. Kumeneko mphunzitsi amazindikira msanga ukajomba, alendo anzako ndi ambiri, ndipo kulankhula umakuphunzira pang'onopang'ono pakati pa anthu ozolowera kudikira wina amalize. Guilford ndingaiganizire makamaka kwa amene ali kale ku America kapena ali ndi achibale ku North Carolina.

Musanavomere malo kulikonse, lemberani ofesi ya ophunzira ochokera kunja, muwapemphe akulumikizeni ndi wophunzira wa ku Africa amene ali m'chaka chachitatu, osati choyamba, chifukwa wa chaka choyamba akadali pa chisangalalo. Mumufunse kumene amagona ndi kudya pa tchuthi cha Disembala, ngati sikolashipu imakwera fizi ikakwera, aphunzitsi angati atsala m'dipatimenti imene mukuifuna, ndiponso chimene chinachitika tsiku limene anasemphana maganizo ndi pulofesa wake.